Dzina la Ruth pa Lilime la Agogo

Makolo a ku Liwonde, Ntaja ndi Ulongwe, pofunira mwana wawo wamkazi dzina lalifupi losavuta kulembetsa ku sikelo, nthawi zina amagwa m'chikondi ndi dzina lakuti Ruth, osalingalira kuti lilime la agogo ake, limene linakulira m'Chiyao ndi m'Chichewa, silisiyanitsa "r" ndi "l", ndiponso silimaliza dzina lotere popanda kulitsekera ndi "e" kapena "i". Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: papepala ndi Ruth, koma pamtondo ndi kuchitsime adzakhala Lute.

Ine sindiona tchimo pamenepo. Akuluakulu amene anamasulira Buku Lopatulika, lotuluka mu 1922, analemba Rute, ndipo mkazi wa ku Moabu uja sanachepe ulemu. Chondidetsa nkhawa ndi kalembedwe, pakuti chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, mtsikana amene ali Ruth pachiphaso, Rute kutchalitchi, ndi Lute m'kaundula wa sukulu, adzatuluka thukuta pofotokoza kuti atatuwo ndi munthu mmodzi. Anansi athu Achisilamu, potcha mwana Hawa, vuto lotere sakumana nalo kawirikawiri.