Walira Galimoto Walira Msonkho

Akonzi a magazini yathu andipatsa danga kuti ndinenepo mawu pang'ono, ndipo ine ndasankha nkhani imene ili m'kamwa mwa anthu ambiri kuno ku Salima, ndiyo ya kuitanitsa galimoto kunja. Mukaima pa Kamuzu Road masana, simukhalitsa musanaone galimoto yonyezimira ya nambala ya IT, imene yangolowa kumene kuchokera ku Dar es Salaam. Aphunzitsi, anamwino, asilikali, eni makoka a ku Senga Bay ndi ogula mpunga a ku Lifuwu, onse mawu awo ndi amodzi: "Kuno magalimoto n'ngodula, koma kunja n'ngotchipa." Ife ana a sukulu sitinafike pogula galimoto, komabe nkhaniyi si yachilendo kwa ife, pakuti ndife amene makolo amatipatsa foni kuti tiwawerengere Chingerezi cha amalonda, ndiponso ndife amene timabwezedwa kusukulu fizi ikapita ku doko. Maganizo anga ndi awa: mtengo umene tikuuona pa foni si mtengo wa galimoto ayi, ndi poyambira chabe, ndipo munthu amene sanawerenge ulendo wonse mpaka pakhomo pake asanene kuti wapulumutsa ndalama.

Kukhumba katundu wakunja sikunayambe lero, ndipo si tchimo. Agogo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela, kapena ku Harare ndi ku Bulawayo, ankabwera ndi njinga, galamafoni ndi zofunda, ndipo mudzi wonse unkasonkhana kudzaona. Njanji itafika ku Salima m'chaka cha 1935, ambiri ankatsika nazo pa siteshoni pomwepa. Koma pali kusiyana kumodzi. Agogo aja njinga yawo ankaigwira ndi manja, ankaikwera, ankaliza belu lake, kenaka n'kutulutsa ndalama. Ife lero tikutumiza mamiliyoni kwa munthu amene sitinamuonepo, kugula chinthu chimene tachiona pa chithunzi chokha.

Tsono ndisawalakwire oitanitsa magalimoto, pakuti ali ndi mfundo zawo zoona. Dziko lathu lilibe fakitale yopanga magalimoto otere, chotero ngakhale ija yoikidwa pamalonda ku Lilongwe inachokeranso kunja, ndipo wogulitsa anaikapo phindu lake, lendi ya malo ndi malipiro a alonda. Ku Japan kuli lamulo lakuti galimoto iyesedwe ikatha zaka 3, ndipo pambuyo pake zaka 2 zilizonse. Kuyesako n'kodula, kotero ambiri amagulitsa galimoto ikadali ndi mphamvu. Ndiponso anthu a kumeneko amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, ndiye chiwongolero chili mbali yoyenera misewu yathu. Makampani monga BE FORWARD ndi SBT Japan amaonetsa magalimoto ambirimbiri pa intaneti pamodzi ndi mitengo yake. Inde, munthu wochenjera akhoza kupulumutsa ndalama, ndipo ena apulumutsadi. Koma tikumbukire kuti imene timaitcha yatsopano ndi yatsopano kwa ife tokha. Mwini wake woyamba anathana nayo kale. Ofuna yatsopano yeniyeni amayang'ana ku South Africa, kumene Toyota Hilux imapangidwa ku Durban ndi Ford Ranger ku Pretoria, koma nawonso chipata cha Mwanza kapena cha Dedza chimawadikira.

Tiyeni tsopano tiyende nayo limodzi galimoto ya ku Japan, cholembera chili m'manja. Imakwera sitima ya pamadzi ku Yokohama kapena ku Nagoya, ndipo imatha masabata angapo pa nyanja ya mchere. Ikafika ku Dar es Salaam pali zolipira za padoko, pali malipiro a wothandiza kuitulutsa, ndipo mapepala akachedwa tsiku lililonse loonjezera lili ndi mtengo wake. Kuchokera apo pafunika dalaivala, mafuta, chakudya ndi pogona, pakuti kukafika m'malire mwathu ndi makilomita oposa 900, kudzera ku Morogoro, m'nkhalango ya nyama ya Mikumi, pa chikweza cha Kitonga, ku Iringa, ku Uyole, ku Tukuyu mpaka pa Kasumulu. Ikaoloka mtsinje wa Songwe ulendo sunathe. Patsala Karonga, phiri la Chiweta, Mzuzu, Nkhata Bay ndi Nkhotakota, makilomita enanso oposa 500, kuti ifike kuno. Pa njira yonseyi tayala likhoza kuphulika, mwala ukhoza kuswa galasi, dalaivala akhoza kusinza. Zikatero wolira si wa ku Japan uja ayi. Iye zake analandira kale.

Pa Songwe ndi pamene ambiri amagwira pakamwa. Bungwe lotolera misonkho la MRA, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2000, silifuna msonkho umodzi wokha. Pali msonkho wolowetsera katundu m'dziko, pali wina woyendera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiponso pali VAT pamwamba pa zonsezo. Kale powerenga sankayang'ana mtengo wogulira wokha, koma ankaphatikizapo ndalama zonyamulira ndi za inshuwalansi. Taonani tsono msampha wake: galimoto yakale kwambiri ndiyo yotchipa pa foni, koma ukalamba wake womwewo ndi umene umakweza msonkho pachipata. Ena amayesa kuchenjera polembetsa mtengo wochepa pa pepala, osadziwa kuti akuluakulu a pachipata ali ndi mphamvu yoika mtengo umene iwo akuuona kuti ndi woona. Wolephera kulipira amaisiya galimoto pomwepo, ndalama zosungira n'kumakwera, ndipo nthawi ikatha boma limaigulitsa kwa ena. Ine sindida msonkho, pakuti choko cha m'kalasi mwathu ndi mankhwala a pa chipatala cha boma zimachokera kumeneko. Ndingoti, walira mvula walira matope. Wofuna galimoto afunenso msonkho wake, ndipo audziwe asanatumize ngakhale tambala imodzi.

Palinso mdani wina wosaoneka ndi maso, ndiye kugwa kwa kwacha. Galimoto yakunja sigulidwa ndi kwacha koma ndi dola ya ku America. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Anzanga a masamu, tiyeni tichite samu iyi. Galimoto ya madola 3,000 inali K3,540,000 madzulo, ndipo kutacha inali K5,100,000. Munthu amene anasunga ndalama zaka zitatu anadzuka akuperewera K1,560,000, chikhalirecho sanabedwe ndi wina aliyense. Msonkho nawo unakwera. Ndipo pamene madola asowa m'mabanki, ena amathamangira kwa osintha ndalama a mumsewu, kumene mtengo ndi woposa, ndalama zachinyengo zilipo, ndipo lamulo sililola.

Tinene kuti yafika bwino, achibale aimba nthungululu, ana akwera n'kutsika. Kodi zolipira zatha? Iyayi. Pafunika kuilembetsa ku Road Traffic kuti ilandire nambala, pafunika chikalata cha COF ndi inshuwalansi. Zina zimabwera ndi matayala opangidwira chisanu cha kwawo, ndipo pa phula lotentha la kuno kunyanja sakhalitsa. Zambiri n'zazifupi, zopangidwira misewu yosalala ya m'mizinda, pamene ife tili ndi mchenga wa kugombe ndi matope a m'madambo a mpunga. Mawu a pa wailesi yake ndi a pa mabatani ake ali m'Chijapani, chimene ngakhale mphunzitsi wathu wa Chingerezi sangachiwerenge. Chitsulo china chikathyoka, makaniko wa pa Kamuzu Road amapukusa mutu nati mukachifune ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo kumeneko akhoza kukuuzani kuti achiitanitsa kunja. Amene anagona pa mizere ya mafuta m'zaka za 2022 ndi 2024 akudziwanso kuti galimoto imadya tsiku ndi tsiku monga mwana. Akulu akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndisaiwale za akuba. Alipo ena amene amatsegula masamba a pa intaneti ofanana ndi a makampani enieni, n'kuika mtengo wotsika kwambiri, ndipo ndalama zikangolowa foni yawo siimbanso. Alipo amkhalapakati amene amalandira ndalama pamanja popanda pepala lililonse, n'kumanena mwezi ndi mwezi kuti sitima yachedwa. Alipo obweza m'mbuyo nambala ya makilomita kuti nkhalamba ioneke ngati namwali. Kwa ogula ku South Africa, choopsa china ndi galimoto yakuba. Yopanda chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba ikhoza kulandidwa, wogula n'kutsala ndi makiyi okha ndi mlandu.

Wina adzati, "Iwe mwana, kodi ufuna kuti tiziyenda pa kabaza mpaka kalekale?" Sindikutero ayi, bambo. Galimoto ndi chinthu chabwino. Imafikitsa usipa ndi chambo ku Lilongwe zisanaonongeke, imathamangitsa mayi wodwala usiku kupita kuchipatala, imanyamula mpunga ndi chimanga. Magalimoto a Sienta ndi Probox adyetsa mabanja ambiri ndipo aphunzitsa ana. Koma pali galimoto yogwira ntchito ndi galimoto yonyadira. Yoyamba imabweza ndalama zake pang'onopang'ono. Yachiwiri imaima pansi pa mtengo wa mango kudikira Lamulungu. Ngakhale yogwira ntchito ifuna kuwerenga, pakuti pa depoti pakachuluka magalimoto okwera sachuluka nawo, ndipo madalaivala amatha tsiku akulimbirana munthu mmodzi.

Chimene chimandiwawa mtima koposa ndi kumene ndalamazo zimachokera. Ena amakongola ku banki, ena ku banki m'khonde, ena kwa a katapila amene chiwongoladzanja chawo sichigona. Koma ena amagulitsa malo a makolo m'mbali mwa nyanja kwa omanga malo ogona alendo, kuti agule galimoto. Abale anga, taganizani bwino. Malo a ku Senga Bay kapena ku Chipoka chaka chilichonse mtengo wake umakwera, ndipo sadya mafuta. Galimoto chaka chilichonse mtengo wake umatsika, ndipo pakutha pa zaka khumi nkhuku zimaikiramo mazira. Tsiku limenelo ana adzafunsa pomanga nyumba ndi pokokera bwato, ndipo sipadzakhala yankho. Wogulitsa munda kuti agule galimoto sanapulumutse kanthu, ngakhale ataigula pa theka la mtengo wake.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, wofuna kuitanitsa atenge pepala, alembe zonse: mtengo wogulira, wonyamulira, za padoko, za dalaivala ndi mafuta, misonkho yonse, kulembetsa, inshuwalansi, matayala ndi batire. Chachiwiri, apite yekha ku ofesi ya MRA akafunse msonkho wa galimoto imene akuifunayo, osati kumva za m'maluwa. Safunsa anadya phula. Chachitatu, ayerekeze chiwerengero chonsecho ndi mtengo wa galimoto yofanana nayo imene ili kale m'dziko muno, imene angathe kuitsegula, kuiliza ndi kupita nayo kwa makaniko wake. Chachinayi, asankhe mtundu umene zitsulo zake zimapezeka pafupi, ndipo alipire ku kampani yodziwika kudzera ku banki, asunge pepala lililonse. Chachisanu, asiye ndalama zina padera zodikira tsoka, ndipo za fizi ndi za feteleza asazikhudze. Akachita zonsezi n'kupeza kuti yakunja ikadali yotsika, aitanitse ndi mtima woyera, ndipo ife tidzabwera kudzamuyamikira.

Kwa inu anzanga a pasukulu pano ndinena kuti masamu amene timaphunzira si a mayeso okha. Bambo kapena malume akakupatsani foni kuti muwawerengere mtengo, musangowerenga nambala yaikulu yofiira n'kuwabwezera. Khalani nawo pansi mwaulemu, tengani kope, muonkhetse nawo zonse kuchokera ku Yokohama mpaka pakhomo. Mwina adzakwiya tsiku limenelo, koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo chaka chamawa mudzakhala mukadali pasukulu.

Wophunzira wa Fomu 4