Achipatala aziphunzirabe za likodzo la amayi

Mayi wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota akamatuluka chikazi chachilendo, kumva kuwawa pogonana kapena kutaya magazi akatha kugonana, ambiri amaganiza za matenda opatsirana pogonana. Koma nthawi zina vuto limakhala likodzo. Tizilombo take timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa m'nyanja, ndipo mazira ake amakakhazikika pakhomo la chiberekero n'kuyambitsa zilonda.

Wachipatala amene sadaphunzire za vutoli amapereka mankhwala olakwika. Mayi sachira, ndipo kunyumba amayamba kumunena kuti akuyendayenda. Banja limagwedezeka, chonsecho mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amamwa kusukulu.

Mu 2015 bungwe la WHO lidatulutsa kabuku ka zithunzi kothandiza kuzindikira matendawa. Nalo bungwe la Medical Council of Malawi limafuna kuti achipatala azichita maphunziro owonjezera kuti ziphaso zawo zipitirire kugwira ntchito. Likodzo la amayi lilowe m'maphunziro amenewa, makamaka m'maboma a m'mphepete mwa nyanja.

Makolo ndi mavolontiya, mayi akamwa mankhwala koma osachira, mulimbikitseni abwerere kuchipatala, akanenenso kumene amasamba ndi kuchapa.