Chimbalangondo chadzuka, koma chadzukira mu mpanda

Ambiri a ife chimbalangondo timangochimva m'Baibulo, pa nkhani ya Davide akuweta nkhosa. Kuno kulibe. Ku America chilipo, chakuda bii, ndipo nkhani yake ili ndi phunziro kwa ife.

Kumeneko chisanu chikafika, chimbalangondo chimalowa m'phanga n'kugona miyezi isanu kapena kuposa. Sichidya, sichimwa, sichikodza. Mu 2011 akatswiri a ku Alaska anafotokoza kuti mtima wake, umene umagunda ka 55 pa mphindi imodzi, umatsika mpaka ka 14. Chachikazi chimaswera momwemo mu Januwale kapena Febuluwale, tiana tosakwana theka la kilo. Mu Marichi ndi Epulo, ife tikudya mondokwa ndi maungu, icho chimatuluka chitaonda, chikuyenda mwaulesi.

Nyengo imeneyi ikafika, anthu amayamba kupita kukaona zimbalangondo zosungidwa mu mpanda. Malo ena otere ali m'tauni ya Ely, chigawo cha Minnesota, ndipo anatsegulidwa mu 2007. Alendo amalipira pakhomo, ana amakondwa n'kuphunzira. Zimenezi sinditsutsa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tifunse: zinalowa bwanji mu mpandamo?

Zambiri zotere zinakulira m'manja mwa anthu. Zinazolowera kupatsidwa chakudya, mantha ndi munthu zilibenso. Kuzimasula, zimalunjika kumakomo a anthu, mapeto ake ndi mfuti. Choncho zimakhala mu mpanda mpaka imfa.

A ku America anaphunzira zimenezi ndi mabala. Ku nkhalango ya Yellowstone alendo ankadyetsa zimbalangondo m'mbali mwa msewu. Kuyambira 1931 mpaka 1969, anthu pafupifupi 48 ankavulazidwa chaka chilichonse. Mu 1970 akuluakulu anakhwimitsa lamulo loletsa kuzidyetsa, nayamba kutseka maenje a zinyalala amene zinkadyamo. Ngozi zinachepa kwambiri.

Nanga ife? Ndani sanaone kamwana ka pusi kapena ka nyani, chingwe m'chiuno, kakugulitsidwa pa msewu? Nthawi zambiri kuti kagwidwe, make amaphedwa. Kali kakang'ono kamaseketsa ana pakhomo. Kakakula kamaluma, mwini n'kutopa nako. Kutchire sikadziwa kofuna chakudya, kumudzi sikafunidwanso.

Ena anena kuti anyani amatha chimanga m'minda. Ndi zoona, ndipo kuwaingitsa m'munda palibe angatiletse. Koma kulanda mwana wa nyama kuti asanduke choseweretsa ndi nkhani ina.

Zimbalangondo za ku Ely zili ndi ozidyetsa ndi adokotala a nyama. Pusi wa pachingwe ali ndi yani? Mafumu, anyakwawa ndi makolo, tiyeni tilangize anyamata athu. Mwana wa nyama tikam'peza kutchire, tim'siye komweko. Ndipo ogula akasowa, ogwira nawonso adzaleka.