Mlandu wa amayi a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje

Mlanduwu ndi dandaulo lomwe amayi 36 a m'minda ya Eastern Produce Malawi adakapereka kukhothi ku London kudzera mwa maloya a Leigh Day. Iwo adati akapitawo ena ankawagwirira ndi kuwachitira nkhanza pantchito. Adasumiranso Camellia, kampani ya ku Britain yomwe ndi kholo la Eastern Produce. Njira yotereyi idalambulidwa mu 2019, pamene khothi lalikulu kumeneko lidalola anthu a ku Chingola, Zambia, kusumira Vedanta.

Mu February 2021 adagwirizana kunja kwa khothi. Camellia idalipira mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo za maloya, koma sidavomere kulakwa. Amayiwo adalandira chipukuta misozi osaimirira pamaso pa woweruza. Vuto ndi lakuti umboniwo sudaunikidwe, choncho wothyola tiyi wina wodandaula zomwezi alibe chigamulo choti atsamirepo.