Wodwala akakomoka, asayine ndani?

Ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, mwamuna akafika atachita sitiroko ndipo sakutha kuyankhula, madokotala amafuna wina woti asayine pepala lovomereza opaleshoni. Nthawi zambiri amene ali pambali pa bedi ndi mkazi wake, gadiyani amene akugona pansi usiku ndi usiku, kumusambitsa ndi kumudyetsa phala. Koma mkangano umabuka atsibweni kapena achimwene a wodwalayo akatulukira kuchokera kumudzi, n'kunena kuti mwini munthu ndi akuchimuna kwawo, mkazi ndi wobwera chabe.

Mu 2015, aphungu a Nyumba ya Malamulo ku City Centre adavomereza lamulo la ukwati, kutha kwa banja ndi ubale wa m'banja. Lamuloli limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa ankhoswe, ngakhalenso wa anthu amene angokhalira limodzi zaka zosachepera 5, khoti likatsimikiza. Choncho mkazi wa ku Area 10 wokhala ndi mtchatho ndi mayi wogulitsa tomato ku Old Town amene adangomanga chinkhoswe, onse ndi akazi a pabanja enieni.

Pangozi yoopsa dokotala sadikira siginecha, amapulumutsa moyo kaye. Koma pa zisankho zina, munthu amene wagona ndi wodwalayo nyumba imodzi zaka zonsezo ndiye amadziwa zofuna zake, ndipo ayenera kumvedwa poyamba.

Amayi ndi abambo, kambiranani nkhanizi mudakali athanzi, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri adziwe zimene mwagwirizana.