Mayi Ida Pfeiffer nawonso alowe m'kalasi

Aphunzitsi anzanga, tikamaphunzitsa za azungu amene ankayendera maiko kalelo timangotchula amuna okhaokha. Livingstone, Stanley, Vasco da Gama, basi. Mwana wamkazi amene wakhala kumbuyo kwa kalasi amatuluka akuganiza kuti ulendo ndi wa abambo, amayi awo ndi mtondo. Ine ndikuti tiwonjezerepo dzina limodzi, la mayi Ida Pfeiffer a ku Vienna m'dziko la Austria.

Mayiwa anabadwa mu 1797. Bambo awo, omwe anali ndi fakitale ya nsalu, anawalera mofanana ndi alongo awo, mpaka zovala ankavala zachinyamata. Mu 1820 anakwatiwa ndi loya wina wa ku Lemberg amene anali wamkulu kwa iwo ndi zaka 24. Ntchito ya bamboyo itasokonekera, umphawi unalowa m'nyumba, ndipo mayiwa ankaphunzitsa ana a eni kujambula ndi kuimba kuti ana awo awiri aamuna adye. Maganyu a uphunzitsi sanayambe ndi ife ayi.

Anadikira mpaka anawo atakula. Mu 1842, ali ndi zaka 44, anapita okha ku Yerusalemu, ndipo mu 1845 anakafika ku Iceland. Ndalama za mabuku amene analemba za maulendo awiriwa ndi zomwe zinawathandiza kuyamba ulendo waukulu wozungulira dziko lonse lapansi.

Pa ulendo umenewu ndi pamene ndikufuna tiimepo. Kumapeto kwa Juni 1846 anakwera chombo choyendera mphepo chotchedwa Caroline pa doko la Hamburg, ndipo anakafika ku Rio de Janeiro pakati pa Seputembala. Imeneyo ndi miyezi iwiri ndi theka pamadzi. Chombo chotere chilibe injini. Mphepo ikaleka nachonso chimaima, ndipo palibe amene angakuuzeni tsiku lofika. Chakudya ndi nyama yothira mchere ndi mabisiketi ouma, madzi akumwa ndi a m'migolo amene akhalitsa. Amene munakwerapo Ilala nyanja itakalipa ndi mwera mukudziwa mmene m'mimba mumachitira, komatu inu mumakhala mukuona mapiri kutsidya. Mayiwa masabata ankatha osaona mtunda. Kuchoka ku Brazil anakweranso chombo china n'kuzungulira Cape Horn, malo a mafunde oopsa kunsonga kwa South America, mpaka ku Valparaíso mu Malichi 1847. Kenako Tahiti, China, Singapore, Ceylon, India, Baghdad, Persia, n'kubwerera kwawo mu Novembala 1848. Buku la ulendowu linatuluka mu 1850.

Wina anena kuti, "Nanga ife zikutikhudza bwanji? Ku Malawi kuno sanapondeko." Zoona, sanapondeko. Anafika ku Cape Town mu 1851 ali ndi maganizo olowa mkati mwa Africa, koma ndalama zinachepa, choncho analowera ku Borneo ndi ku Sumatra. Pamene Livingstone ankafika pa nyanja yathu mu 1859, mayiwa n'kuti atamwalira chaka chathacho. Koma kodi Vasco da Gama anapondako ku Ntcheu? Timamuphunzitsabe. Ndipo kusiyana kwake kuli ndi phunziro. Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi anali ndi ndalama za boma la Britain, sitima ndi gulu la anthu. Mayi Pfeiffer kawirikawiri ankayenda okha, pa mtengo wotsikitsitsa, akutola tizilombo, zomera ndi zigoba n'kumagulitsa ku nyumba zosungira zinthu zakale. Mabungwe a jogalafe a ku Berlin ndi ku Paris anawapatsa umembala waulemu, koma la ku London, Royal Geographical Society, silinkalandira amayi. Linadzatsegula khomo kwathunthu mu 1913.

Sindikunena kuti tiwasandutse woyera mtima. Zimene analemba za maonekedwe a anthu akuda a ku Rio ndi zonyoza, ndipo mwana wathu akaziwerenga zimupweteka. Koma mayi yemweyo atafika kwa a Dayak ku Borneo, amene azungu ankawaopa chifukwa chodula mitu ya adani, anayerekeza mchitidwewo ndi nkhondo za ku Ulaya komwe anthu ankaphana miyandamiyanda n'kumatamandidwa. Munthu mmodzi, maso awiri osiyana. Ana a Fomu 3 angaphunzire zambiri poyika ndime ziwirizi pamodzi n'kufunsa kuti wolembayu akuona chiyani, nanga n'chiyani chikumuphimba m'maso. Funso lomwelo akalizolowera adzalifunsanso kwa Livingstone.

Ndikudziwa kuti silabasi ndi yodzaza kale ndipo mayeso a MSCE safunsa za Ida Pfeiffer. Sindikupempha teremu yonse. Piriyodi imodzi ndi mapu a dziko lonse zikwanira, ana alondole njirayo ndi chala kuchokera ku Hamburg, awerengetse masiku.

Ulendo wawo womaliza unali wa ku Madagascar mu 1857. Kumeneko anapezeka ali pakati pa azungu amene ankakonza chiwembu chochotsa Mfumukazi Ranavalona I pampando. Chiwembucho chinaululika, onse anathamangitsidwa, ndipo panjira yopita kudoko mayiwa anadwala malungo aakulu. Anabwerera ku Vienna ali ofooka, namwalira mu Okutobala 1858 ali ndi zaka 61.