Kuthokoza kuonekere pankhokwe

Masika afika. Ndikulemba mawuwa ndili pakhonde Swala ya Asr itatha, mayi akunyumba ndi adzukulu akutonola chimanga pamkeka. Ng'amba ikawamba mmera mu Januwale, timadzaza mizikiti kupempha mvula ndi misozi. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, mizere ya Swala imafupika. Popempha ndife akhama, pothokoza ndife aulesi.

Kunena Alhamdulillah ndi chiyambi chabe, pakuti Shariya inaika muyeso. Mbewu yokula ndi mvula, Zakaat yake ndi thumba limodzi pa matumba 10 aliwonse. Yothirira ndi keni kapena pampu, limodzi pa matumba 20. Lamuloli limakhudza amene wakolola makilogalamu pafupifupi 650, omwe ndi matumba 13 a makilogalamu 50. Nthawi yopereka ndi ino yokolola, mavenda asanafike ndi masikelo awo. Gawo la mmphawi likasanduka ndalama, kawirikawiri silimufikanso.

Kuyamika kulowenso m'nyumba zathu. Abambo ambiri timati “ndakolola”, chonsecho khasu lopalira linali m'manja mwa mayi ndi ana. Inenso ndinachedwa kuzindikira. Zaka zambiri ndalemba za kuyamika Allah, koma zikomo sanatuluke pakamwa panga kwa amene ankasamala munda ine nditagwira cholembera. Lero ndawauza, ndipo aseka modabwa.

Febuluwale, mwezi wa njala, adzabweranso. Mayi wamasiye woyandikana nafe ndiye adzadziwe ngati tinathokozadi.